Mawu amene ndinafufuta pa buti ya 404 ya amalume

Kuseri kwa nyumba ya malemu amalume anga ku Matero, muno mu Lusaka, kunali Peugeot 404 yoyera imene inaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira 1998. Ana obadwira pakhomopo anakula akuidziwa ngati poikira mazira nkhuku. Amalume atatisiya mu 2021, anyamata ogula zitsulo zakutha anayamba kuzungulirazungulira ndi ngolo yawo, ndipo mtengo umene ankatchula sukanagula ngakhale matayala awiri atsopano. Tsiku lina azakhali anandiimbira foni. "Mwanawe, ngati ukufuna kuiona komaliza ubwere mawa. Loweruka akubwera kudzaidula."

Lero galimotoyo ili m'nyumba ina yaing'ono yosungiramo zinthu zakale kunja kwa tauni, kumene ana a sukulu amapita kukaiona. Kuichotsa pansi pa mango mpaka kuifikitsa kumeneko kunatitengera zaka ziwiri ndi miyezi. Ine si makaniko, ndimagwira ntchito ya maakaunti m'sitolo ina ku Kamwala. Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti m'makomboni mwathu muno, ku Chilenje, ku Kabwata, ku Chawama, muli magalimoto ena otere amene akudikira sikelo ya ogula zitsulo, ndipo wina angafune kupulumutsa imodzi osapunthwa pamene ndinapunthwa ine.

Amalume anachoka ku Katete ali mnyamata, nadzalowa ntchito youdalaivala muno mu Lusaka. Galimotoyi, ya 1968, anaigula mu 1974 kwa mphunzitsi wina amene ankabwerera kwawo kunja. Mkati mwa sabata sinkayenda kwenikweni. Ntchito yake inali ya Loweruka, yonyamula akwati. Ankaimanga maliboni oyera kuchokera pa boneti mpaka pa magalasi, amalume atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Ikafika nyengo ya chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds, kumayambiriro kwa Ogasiti, ankaipukuta masiku awiri n'kukaimika pafupi ndi ojambula zithunzi, anthu n'kumalipira kuti ajambulidwe atatsamira chitseko ngati yawo. Pa buti panali mawu olembedwa ndi dzanja, penti wabuluu: Mlendo ndi mame. Kamodzi pachaka inkatitengera kumudzi, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kudutsa mapiri a Manenekela, kuima pa mlatho wa Luangwa kugula nsomba zouma. Njira yonse amalume ankatiuza za mpikisano wa East African Safari, kuti 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ngati kuti ankayendetsa ndi iwo.

Choyamba chimene ndinachita bwino, mwina chokhacho m'miyezi yoyambayo, n'chakuti sindinagwire sipanala tisanakhale pansi ngati banja. Galimoto ya munthu womwalira ndi chuma chamasiye ngakhale itakhala yowola. Lero onse aziti ndi chitsulo chabe, koma ikadzawala aliyense adzakumbukira kuti bambo ake anali omwewo. Msuweni wanga wamkulu ndiye anali woyang'anira chuma, ali ndi kalata yochokera ku Local Court. Tinalemba pa pepala kuti galimoto ikhalabe ya azakhali ndi ana awo, ine ndiikonza ndi ndalama zanga, ndipo palibe wogulitsa popanda onse kusaina. White book, buku losonyeza mwini galimoto, tinaipeza m'sutikesi ya amalume pamodzi ndi makadi a ubatizo. Ndinafananitsa manambala a m'bukumo ndi amene anadindidwa pa kachitsulo ka m'kati mwa boneti, ndipo anagwirizana. Chitani zimenezi musanawononge ngwee. Osunga zinthu zakale salandira galimoto yopanda mwini wodziwika, ndipo mukafuna kuti idzayendenso pamsewu, ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, adzafuna mapepala omwewo.

Kuichotsa pamalopo inali nkhondo. Matayala anali atamira m'dothi mpaka m'malimu, mabuleki atagwira gwa, mavu atamanga m'kati mwa chitseko. Anyamata a pafupi anabwera ndi nzeru yoti timange chingwe ku bampala, Canter ikoke. Ndikanavomera, bampala ikanapita yokha ndi Canter. Galimoto ngati Land Rover yakale ili ndi chasisi chapadera chimene bodi imakhalapo, koma 404 ya mtundu uwu ilibe. Bodi yomweyo ndiyo mafupa ake, ndiye dzimbiri likadya pansi, mphamvu yonse yapita. Tinadzionera tokha pamene tinaika jeke m'mbali pansi pa chitseko: m'malo mokweza galimoto, jeke inangoboola n'kulowa ngati chala m'papaya lakupsa. Tinayamba kukumba ndi makasu kuzungulira tayala lililonse, kukweza pogwiritsa thabwa lochindikala pansi pa zitsulo zogwira mawilo, kumasula mabuleki pomenya madiramu pang'onopang'ono ndi hamala, kuvala matayala obwereka, kenaka kuikokera pa lole yafulati ndi tcheni. Mawilo ake ndi a mabawuti atatu okha, choncho musaganize kuti mubwereka limu la Corolla kwa neba. Tinangosintha mphira pa malimu ake omwewo.

Tisanakweze pa lole, mdzukulu wa azakhali anafuna kutithandiza. Anasesa zonse za m'kati n'kuunjika pa dzala, machesi ali m'manja. Ndinafika moto utangoyamba. Pa mulu umenewo ndinatolapo ndalama zachitsulo za ngwee zakale, tikiti ya basi ya UBZ, liboni limodzi lachikasu ndi ukalamba, ndi kabuku ka sukulu kodyedwa ndi makoswe m'mphepete. M'kabukumo amalume ankalemba ukwati uliwonse umene ananyamula: tsiku, tchalitchi, mamailosi, ndi mafuta amene anathira. Masamba ena anapsa. Amene anatsala ndi amene lero anthu amaima nthawi yaitali kuwerenga, kuposa imene amathera poyang'ana injini imene inandidyera ndalama zambiri. Choncho chilichonse chotuluka m'galimoto yotere, ngakhale chioneke ngati chinyalala, chiikeni m'katoni kaye. Jambulani ndi foni mbali zonse musanachotse kanthu, ndipo bawuti iliyonse ilowe m'kapepala kapulasitiki kolembedwa kumene yachokera. Ndowe za makoswe muziwaza madzi a jiki musanasese, musapume fumbi lake.

Tinaipititsa ku Garden, kwa mdala wina amene anakulira pa ma Peugeot nthawi imene anali matakisi ndi mavani a aliyense. Maso ake anayamba kuchita nkhungu, koma injini amaimva ndi khutu ndi zala. Tsiku loyamba lomwelo ine ndinabwera ndi batire latsopano pa phewa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana batirelo.

"Limenelo n'lachiyani, mwana wanga?"

"Ndimati tingoyesa, bambo, timve ngati ilira."

"Munthu wagona pa mphasa zaka 24, inu mukuti adzuke athamange? Kaikeni uko."

Anandifotokozera kuti injini ikakhala nthawi yaitali chotere, oilo yense amatsikira pansi, maring'i amamatirira ku makoma a masilinda, ndipo mavavu ena amagwira. Mukaikakamiza ndi sitata mumathyola maring'i kapena kupinda timitengo tokankha mavavu. Petulo wakale naye amasanduka ngati ulimbo m'thanki ndi m'kabureta. Anachotsa mapulagi onse anayi, nathira m'bowo lililonse dizilo wosakaniza ndi oilo wopepuka, n'kutseka ndi nsanza. Tinadikira masabata oposa awiri. Tsiku lililonse ankaika sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo, kugwedeza pang'ono uku ndi uku, osakakamiza. Tsiku la 16 inasuntha kadzanja kamodzi. Mdala anangoti, "Ali moyo," n'kupitiriza kumwa tiyi.

Injini ya 404 ndi ya masilinda anayi, 1618 cc, ndipo inaikidwa chopendekera kumbali kuti boneti ikhale yotsika. Hedi yake, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, ndi ya aluminiyamu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mapisitoni sayenda m'mabowo obooledwa mu buloko ngati injini zambiri zimene tinazolowera. Amayenda m'masilivu ochotseka, ozunguliridwa ndi madzi a rediyeta, ndipo chimene chimawapanikiza kuti akhale pamalo ndi hedi yomweyo. Mdala atachotsa hedi Loweruka kuti akaone mavavu, anati tisakhudze kanthu mpaka Lolemba. Lamulungu masana iye ali ku tchalitchi, ine ndinapita ndi msuweni wanga kukamuonetsa kuti injini ya bambo ake tsopano ikuzungulira. Ndinaika sipanala, ndinazunguza kawiri, mapisitoni akukwera ndi kutsika bwinobwino, tonse tikuseka. Sindinaone kuti masilivu awiri anakwera nawo pang'ono n'kubwerera. Sindinauzenso mdala.

Patapita mwezi tinamanga zonse, gasiketi yatsopano, injini inalira, anthu a m'magalaja oyandikana anabwera kudzaonerera. Titayang'ana oilo m'mawa mwake, anali ngati tiyi wamkaka. Zotsekera za pansi pa masilivu zinali zitasuntha, madzi akutsikira mu sampu, mmene mumakhala oilo. Mdala anandifunsa funso limodzi lokha: "Munazunguza hedi ili pansi?" Ndinangoti kakasi. Tinatsitsa injini yonse, kuchotsa masilivu, kupala dzimbiri pamene amakhala, kufunanso zotsekera ndi gasiketi ina. Miyezi itatu inapita pamenepo. Mukachotsa hedi pa injini ya masilivu otere, apanikizeni ndi mawashala akuluakulu ndi mabawuti musanazunguze chilichonse. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

China chimene mdala anandiletsa ndi oilo wa difu, bokosi la magiya la pakati pa mawilo akumbuyo. Ndinagula wamba, amene aliyense amathira. Iye anati 404 yathuyi kumbuyo ili ndi giya ya mtundu wa nyongolotsi, chitsulo chopota chimene chimazunguza gudumu la buronzi, ndipo mankhwala a m'oilo wina wa difu amadya buronzi. Musanathire kanthu m'galimoto yakale, funsani amene anaigwirapo kapena pezani buku lake.

Za masipeya ndingonena mwachidule, chifukwa aliyense adzayenda njira yake. Ku France anasiya kupanga 404 ya mtundu uwu mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kumanga mavani ake mpaka 1991, choncho zinthu za injini zimapezekabe ku East Africa. Mlamu wanga woyendetsa thiraki kudzera pa Nakonde ndiye ananditengera magasiketi ndi mapampu a mabuleki. Zina tinazipeza pa van yakufa pa famu ina ku Chongwe. Ogulitsa m'tauni adzakuuzani kuti za 504 ndi chimodzimodzi. Zina zimalowadi, zambiri ayi. Muziyenda ndi chakalecho m'thumba n'kufananitsa pa kauntala, ndipo chakalecho musachisiye kumeneko.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawabe.

Injini itakhala bwino, mtima wanga unali pa penti. Ndinkafuna galimoto iwale ngati mmene ndinkaikumbukira ndili mwana. Penti wake woyera anali atasanduka mbuu, denga lili ndi madontho a utomoni wa mango, m'mbali muli mikwingwirima. Ndinapangana ndi mnyamata wopopera penti kuti tipale yonse mpaka pa chitsulo, timate fila, tipopere mwatsopano. Nthawi imeneyo n'kuti nditalankhula kale ndi amayi ena, mphunzitsi wopuma ntchito, amene amayang'anira kanyumba ka zinthu zakale kaja. Anali atamva za galimotoyi kwa mnzawo amene inamunyamula pa ukwati wake mu 1979, ndipo anati akufuna kudzaiona. Sindinaganize zowadikira. Ndinkafuna adzaipeze ikuwala.

Loweruka limenelo magetsi anabwera m'mamawa, ndipo nthawi imeneyo, mu 2024, ankangobwera maola ochepa chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Tinati tisataye mpata. Ndinagwira makina opalira ndekha, ndinayambira pa buti, kudzanja lamanja. Amayiwo analowa pa geti fumbi loyera lili tolo. Sanandipatse ngakhale moni.

"Zimitsani! Achimwene, zimitsani kaye!"

Ndinazimitsa. Pa buti panatsala mawu awiri: Mlendo ndi. Mame anali atapita, pamalo pake pali chitsulo chonyezimira.

Anakhala pa tayala lakutha, natulutsa m'chikwama chithunzi cha mnzawo uja. Mkwatibwi ndi mkwati ataima kumbuyo kwa galimoto, mawu onse atatu akuoneka pakati pawo. Anandifunsa amene analemba mawuwo. Ndinati sindikudziwa, mwina wolemba zikwangwani wina wa ku Matero. Anati, "Ndiye dzanja la munthu ameneyo linatsala pano pokha, ndipo theka mwalichotsa. Ma 404 anapangidwa oposa mamiliyoni awiri. Ndikafuna yowala ndikhoza kuonetsa ana pa foni. Ine ndimafuna iyi, imene inanyamula anthu a ku Matero."

Kunena zoona ndinakwiya. Ndalama zanga, thukuta langa, wina n'kudzandiuza kuti galimoto ikhale yothimbirira? Ndinawayankha kuti amalume sakanalola kuti anthu aione ili chonchi, munthu amene ankapukuta ngakhale pansi pa bampala. Iwo sanatsutse. Anangoti ndipite ku Chilenje House 394 ndikaone, kenaka tidzakambirane.

Ndakhala mu Lusaka moyo wanga wonse koma ndinali ndisanalowepo pa nyumba imeneyo, mmene a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Pabwalo pake pali Land Rover imene ankayendera pa nthawi yomenyera ufulu. Siwala ngakhale pang'ono. Ndinaima pamenepo ndi bambo wina amene anabwera ndi ana ake awiri, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anafunsa za penti. Ana ankafunsa kuti a Kaunda ankakhala mpando uti, ndipo inkafika kuti. Ndinabwerera ku Garden ndili chete.

Apa ndiye pali kusiyana kumene ndikanakonda wina akanandiuza poyamba. Kukonza galimoto yoti muziyendera, kapena yonyamula akwati lero, ndi ntchito ina. Ipopereni penti, ikani mipando yatsopano, ngakhale wailesi ya Bluetooth, palibe cholakwa. Koma yoti ikaime m'nyumba ya zinthu zakale imafuna kuti muletse kuwonongeka, mulimbitse pofooka, ndipo musachotse chimene simungathe kubwezera. Muyenera kusankha njira imodzi musanagule sandipepa, ndipo ngati pali amene adzaisunge, abwere aione isanakhudzidwe.

Tinasintha mapulani onse. Penti wakale tinamutsuka ndi madzi ndi sopo wofewa, utomoni wa mango tinauchotsa pang'onopang'ono ndi nsanza yonyowetsa palafini, kenaka polishi wosalusa ndi phula, zonse ndi manja. Ndinadabwa kuona kuyera kukubwerera, osati kwa m'sitolo, koma ngati kwa mbale yenamelo imene yatumikira banja zaka zambiri. Pa chitseko cha dalaivala pali malo amene penti anaperepeseka mpaka kuoneka wapansi, pamene amalume ankatsamiritsa chigongono. Mnyamata wa penti ankafuna kupopera pamenepo. Tinapasiya.

Dzimbiri lokha sitinalichitire chifundo, chifukwa likasiyidwa limapitiriza kudya. Pansi pa mapazi a dalaivala, m'mbali pansi pa zitseko ndi pansi pa buti tinadula zowola zonse mpaka kufika pa chitsulo chamoyo, wowotcherera wa ku Kalingalinga n'kuikapo zigamba za chitsulo cha muyezo womwewo. Amayi aja anapempha kuti chigamba chilichonse chijambulidwe chisanapakidwe penti ndipo chilembedwe m'buku, kuti wodzakonza m'tsogolo adzadziwe cha ku fakitale ndi chathu. Pamene dzimbiri linali pamwamba chabe tinapala ndi bulashi yawaya, kupaka mankhwala osandutsa dzimbiri kukhala lakuda, ndi kutseka ndi penti. Fila sitinagwiritse ntchito pobisa mabowo. Fila womata pa dzimbiri amaoneka bwino mpaka mvula yoyamba ya Novembala, kenaka amatupa n'kugwa.

Pa ntchito imeneyi pali zinthu zitatu zimene zikhoza kukuphani, ndipo sindikukokomeza. Thanki ya petulo ichoke ndi kupita kutali wowotcherera asanayatse moto, ngakhale itakhala youma zaka 20, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wake. Mabuleki ndi kilatchi za nthawi imeneyo zambiri zinali ndi asibesitosi, ndiye musapemerere fumbi lake ndi kompuresa. Nyowetsani, pukutani, valani chotseka mphuno. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha kapena njerwa za simenti. Mdala ali ndi chala chimodzi chopindika chimene amaonetsa aliyense wofuna kutsutsa.

Mpando wakumbuyo, wa akwati, tinausunga ndi chikopa chake chomwecho. Telala wa mipando anausoka mong'ambika ndi kuika siponji yatsopano m'kati mmene makoswe anadya. Wakutsogolo unali utatheratu, tinauvala chatsopano cha mtundu wofanana, chakalecho tinachipinda n'kuchisunga m'katoni. Giya ya 404 ili pa chiwongolero, ndipo kamutu kake kanali kosweka, amalume atakamanga ndi waya wa kopa. Ndinapeza kena kabwino ku Chongwe kuja. Kali m'katoni nakonso, pa galimoto pali ka waya.

Nkhani ya buti inagawa banja. Msuweni wanga ankafuna tipeze wolemba zikwangwani abwezeretse mawu achitatuwo potengera chithunzi. Ena ankati tifufute onse, buti ikhale yoyera. Amayi oyang'anira anati chisankho n'cha eni galimoto, koma maganizo awo anali oti tisalembe chatsopano pafupi ndi chakale ngati kuti ndi dzanja limodzi. Ine ndinkafuna kubisa manyazi anga, ndiye ndinali kumbali ya msuweni. Anadula mlandu ndi azakhali. Anati wolembayo ankamudziwa, anali mnzawo wa amalume wa ku kwaya, anamwalira kalekale, ndipo safuna munthu wina ayerekeze dzanja lake. Pamene ndinapala tinapaka penti woyera wofanana ndi wakale kuti chitsulo chisachite dzimbiri, basi. Pambali pa galimoto anapachika chithunzi cha 1979 chija chitakulitsidwa.

Kuimika galimoto kuti anthu aziiona nakonso kuli ndi ntchito yake, ndipo ambiri amaganiza kuti ukangoilowetsa m'nyumba watha. Tinaiyendetsa kamodzi kokha, kuzungulira bwalo la galaja, azakhali akuonerera. Kenaka tinakhetsa petulo yense m'thanki ndi m'kabureta, chifukwa amaola komanso ndi ngozi ya moto m'nyumba yodzaza ana. Batire tinachotsa. Tinathira oilo watsopano mu injini ndi timadontho m'silinda iliyonse. Madzi a rediyeta tinaika osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri, chifukwa hedi ya aluminiyamu ndi buloko yachitsulo zikakhala m'madzi a pampopi okha zimadyana. Galimoto inakwezedwa pa masitandi anayi kuti matayala angokhudza pansi osasenza katundu, apo ayi amaphwatalala mbali imodzi ndi kung'aluka. Handibuleki ndi yomasula kuti isagwirenso. Pansi pa injini pali thireyi yolandira madontho. Tinaiika kutali ndi zenera la kumadzulo, chifukwa dzuwa la masana limaumitsa mphira ndi dashibodi, ndipo denga la nyumbayo tinaliyang'ana nthawi ya mvula tisanavomere malowo. Mdani wamkulu ndi khoswe. Paipi ya utsi ndi polowera mpweya tinatsekamo ndi waya wa sefa, ndipo alonda amadziwa kuti chakudya sichilowa m'chipindamo.

Galimotoyo sitinaipereke, tinabwereketsa, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi poyamba. Pepala limene tinasainirana limanena kuti mwini ndani, ikhala zaka zingati tisanakambiranenso, ndani angaitsegule, ndani alipira ikawonongeka, ndi kuti singatuluke kukanyamula ukwati wa mwana wa aliyense popanda banja kulola. Mfundo yomalizayi anthu anaiseka pa tsiku losaina, koma pasanathe miyezi itatu panabwera kale opempha awiri. Makatoni a zinthu zakale, kabuku ka amalume ndi zithunzi zonse za ntchito zinalembedwa pa mndandanda n'kupita nayo limodzi. White book ili kwa azakhali.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimapitako ndi sipanala. Ndimazunguza injini ndi dzanja kangapo, kuponda buleki ndi kilatchi, kuzunguza mawilo, kusuzumira pansi ngati pali ndowe za makoswe kapena dontho lachilendo. Zimatenga theka la ola. Kawirikawiri ndimapeza ana a sukulu, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Ankolo, mlendo ndi chiyani?" Ndimawalozera chithunzi, ndipo akafunsa amene anafufuta ndimawauza kuti ndine.

Azakhali tinawatengera kumeneko patapita sabata galimoto itaikidwa. Anavala chitenje chawo cha ku Mvano. Amayi oyang'anira anachotsa chingwe chotchingira n'kuwatsegulira chitseko chakumbuyo, kumpando wa akwati. Azakhali anapukusa mutu. "Kumeneko n'kwa alendo. Ine malo anga ndi kutsogolo." Anakhala kumanzere kwa chiwongolero, nagwira kamutu ka giya ka waya kaja, osanena kanthu nthawi yaitali. Potuluka anazungulira kumbuyo, naima pa buti, ine mtima uli m'mwamba. Anawerenga mawu awiriwo mokweza, napukuta ndi nsonga ya chitenje pamene ndinapala.

"Mame amewo anakhalitsa," anatero. "Tiye, undiperekeze ku minibasi kusanade."